Paipi ya Agogo Anu ndi Manja a Mpongozi

Bwerani kuno nonse atatu. Iwe Mariya, chisiye chinangwacho m'madzimo, sichithawa. Yohane, usandiyang'ane ngati sukudziwa chimene ndakuitanira, nkhani yafika kuno ku Khuyu inu musanafike. Akuti mwapita ku Chipyela kukagula sopo, mwapeza mkulu wina akutsika m'boti ya sitima atanyamula thumba la mkodzo m'jumbo, kapaipi kakutulukira kumwendo kwa buluku, inu n'kuyamba kugwirana m'mapewa, kuseka mpaka misozi. Lusiya ndimukhululukira, ndi mwana, amaseka poona akulu akuseka. Koma inu awiri, asa! Khalani pansi apa. Thumba ngati limenelo ndalikhuthula ine ndi manja awa kwa zaka, m'nyumba muno, ndipo linali la agogo anu aamuna, a Barnaba.

Ee, tsekani pakamwapo, ntchentche zingalowe. Simunkadziwa chifukwa mwini wake sankafuna kuti mudziwe. Iwe Mariya unkakonda kuwakwera pamiyendo, ine n'kumakukalipira kuti tsika, iwe n'kumalira kuti agogo aakazi ndi ankhanza. Ndinkaopa kuti ukoka paipi.

Agogo anu anakhala nthawi yaitali ku Bulawayo, mu hotela, kuperekera chakudya patebulo. Anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, ayironi yamakala, ndi ulemu wochuluka kuposa thupi lawo. Ulemu umenewo! Munthu wopita padooko kukaona ukonde atasita kabudula. Ayironi imeneyo inu simungainyamule n'komwe: unkathira makala m'kati, kuikupiza, kuyesa kutentha kwake ndi malovu. Ine ndinkati, "Inu bambo a Petro, usipa ukuonani kuti mwasita?" Iwo n'kungoti, "Munthu ndi maonekedwe, mayi a Petro." Ankaimba kwaya kutchalitchi chachikulu, mawu okhuthala, oti akayamba ndinkawazindikira ndili kumbuyo kwenikweni.

Bambo anu Petro atakwatira mayi anu, Agnesi wa ku Yofu, namwino wa kuchipatala, ulemuwo unapeza pokhala. Inu a masiku ano mumakhala benchi imodzi ndi apongozi kuonera kanema, mawondo kugundana. Kale sizinali choncho. Mayi anu akakumana ndi agogo anu panjira, ankapatuka n'kugwada m'miyala, agogo anu kuvula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Sanadyepo mbale imodzi. Dzina loti Agnesi silinatulukepo pakamwa pawo, ankangoti "apongozi". Koma musaganize kuti kunali kudana. Kampango woyamba akatuluka m'bwato, ankati, "Uyu apite kwa apongozi." Ine amene ndinawabalira ana ndinkalandira wachiwiri, ndipo ndinkadandaula mokweza, sindibisa.

Matenda anayamba pang'onopang'ono, patapita nthawi pang'ono chivotereni zipani zambiri. Ndinkaona akupita kuseri kwa mlambe uja, kuima, kuima, kuimabe, mpaka tiyi kuzizira. Ndikafunsa, ankati akuyang'ana nyengo. Nyengo yanji kuseri kwa mtengo? Kenako tsiku lina m'mawa njira inatsekeratu. Mimba yam'munsi inauma gwa, munthu thukuta kamukamu, akuluma nsalu kuti anthu oyandikana nafe asamve.

Ine ndinazizidwa, chifukwa matendawa ndinkawadziwa. Atate anga ondibala anapita nawo, ine ndili mtsikana. Nthawi imeneyo kunalibe choti n'kuchita kumudzi: ankawamwetsa mizu, kuwathowa ndi nsalu yotentha, basi. Analira masiku angapo ngati mwana mpaka mawu anatha. Ndiye poona agogo anu chonchija ndinathamanga kukaitana amuna anayi, tinawanyamula pamachila mpaka kuchipatala ku Chipyela.

Kumeneko kunali a Mhone, Mtonga wa kumtunda, amene tonse tinkawatcha adokotala. Munthu wamfupi, wonenepa, wanthabwala. Analowa nawo m'chipinda, ine ndili panja. Sipanapite nthawi ndinamva agogo anu akupuma, "Haaa," ngati munthu watula mtolo wa nkhuni. A Mhone anatuluka, anandikhazika pabenchi n'kundionetsa paipi ina yotha ntchito.

"Amama, mwa amuna okalamba muli kanthu kamene kamatupa n'kupana njira ya mkodzo," anatero. "Ndiye taika yonga iyi. Ife timati katheta. Imalowa pamene mkodzo umatulukira mpaka kukafika m'chikhodzodzo. Onani apa."

Inali ya labala yachikasu, yofewa, yonenepa ngati phesi la udzu wofolerera. Kumapeto kwina inali ndi pakamwa pawiri. Pamodzi polumikiza thumba, pena anaikapo sirinji n'kupopa madzi, ndipo kunsonga kwinako kunafufuma kabaluni ngati chipatso cha masawu.

"Kameneka ndi kamene kamaigwira m'kati kuti isatuluke. Munthu asaikoke kabaluni kali kodzaza, amang'amba njira. Pochotsa timayamba tayamwa madziwo ndi sirinji. Ndipo mwezi ukatha mubwere nawo tidzasinthe, labala imeneyi siichedwa kugwira dothi m'kati."

Ine ndinafunsa kuti akhala nayo mpaka liti. A Mhone anakanda m'mutu, nthabwala zija zinatha. Ndinadziwa yankho pomwepo.

Kusamala kwake anandiphunzitsa ndi mayi anu. Ndimaseka ndikakumbuka, ngakhale sizoseketsa. Tinakhala kuseri kukhitchini, paipi yakale ili pa lichero, mayi anu akufotokoza maso ali pansi, osatchula chiwalo ngakhale chimodzi cha apongozi awo. Ankangoti "pamalo paja". Sambani m'manja ndi sopo musanagwire, amayi, ndiponso mukamaliza. Tsukani pamalo paja tsiku lililonse ndi madzi owiritsa, kupukuta paipi kuchokera kuthupi kupita kunja, osati kubwerera. Thumba lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, likakwera mkodzo umabwerera ndi matenda. Lisagone pansi padothi. Lisadzaze mpaka kulemera, ndipo pokhuthula kamlomo kake kasakhudze chitini. Paipi isapindike, asaigonere. Azimwa madzi ambiri, ngakhale akane. Ndipo muziyang'ana mtundu wa mkodzo, amayi, umalankhula.

Madzi owiritsa! Kunena n'kosavuta. Inu mukudziwa nkhuni za pachilumba pano, zimachokera kutsidya ku Mozambiki pangalawa. Ndinkatola timitengo ta chinangwa ndi makoko a malambe kuti nkhuni zenizeni zitsalire madzi a agogo anu. Ndinawasokera kathumba ka khaki ka zingwe ziwiri, komangirira kumwendo m'kati mwa buluku, kuti thumba la pulasitiki lisaoneke. Pogona tinkalikoleka pa msomali umene ndinakhoma m'mbali mwa bedi. Msomaliwo ulipobe, Yohane, umene umakoleka legeni yako.

Zinthu zinayamba kuwachoka chimodzichimodzi. Choyamba anasiya kusamba kunyanja padooko la amuna, kumene ankamvera nkhani zonse za pachilumba. Ndinkawatungira madzi, kusamba kubafa ngati mlendo. Kenako kwaya. Lamulungu lina mapemphero anatalika, iwo atagwada, paipi inapindika pabondo osadziwa. Mkodzo unasowa njira n'kudzera m'mbali. Ataimirira, buluku loyera losita lija linali litanyowa kutsogolo. Anatuluka pakhomo lam'mbali buku la nyimbo atatchinga nalo. Palibe amene anaseka, anthu a kale anali ndi manyazi, koma iwo sanavalenso mkanjo wa kwaya. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Chimenechi chinandipweteka kuposa fungo, kuposa kuchapa, kuposa zonse.

Tinayesa kupita kumtunda. Ulendo wa sitima inu mumauona ngati chisangalalo, kukagula mabisiketi pa Nkhata Bay. Yesani kukwera ndi munthu wa paipi. Umalowa m'madzi mpaka m'chiuno kuti ufike paboti, matumba a usipa kukugwera, anthu kukankhana pamakwerero, ine dzanja lina ndagwira katundu, lina ndatchinga mwendo wa agogo anu kuti wina asakole. Tinafika kuchipatala chachikulu. Anawapima, anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima ndi wofooka, opaleshoni sangaipirire. Anatiuza kuti mapaipi alipo mitundu ingapo. Ilipo yoyera, yooneka m'kati, imene imatha miyezi ngati itatu osasintha, koma imeneyo inkapezeka mwa apo ndi apo. Ndipo ilipo ina yoti amaboola kabowo pamimba, m'munsi mwa mchombo, paipi n'kulowa molunjika m'chikhodzodzo osadzera kumaliseche. Dokotala anati kwa munthu wokhala nayo moyo wonse imeneyo ndi yabwino, siipweteka kwambiri posintha.

Agogo anu anati, "Ine si mgolo woti aziuboola m'mbali. Mulungu anandipatsa mabowo okwanira."

Ndinawachonderera m'khonde, ndinawachonderera musitima pobwerera, anangoyang'ana madzi. Mvetsani bwino apa, ana inu. Akanalola ya pamimbayo, aliyense akanatha kuisintha iwo atavala buluku lawo, atangokweza malaya. Aliyense, ngakhale mpongozi. Ndikaganiza zimenezi mpaka lero chakudya chimandikanika.

Tinakhala choncho zaka. Mwezi ukatha, ulendo wa ku Chipyela, a Mhone kusintha, kuseka nawo za mpira, ife kubwerera. Nthawi zina malungo a mkodzo ankawagwira, kumwa mankhwala, kuchira. Bambo anu anali atapita ku Joni kukafuna ntchito, kunyumba kuno kunatsala ine, agogo anu, mayi anu m'nyumba yawo iyo, ndi inu awiri muli tiana. Iwe Lusiya unali usanaganiziridwe n'komwe.

Ndiye kunabwera chaka cha njala chija, nyengo ya mwera. A Mhone anamva uthenga wa maliro a mchimwene wawo, anakwera sitima, akuti abwera ndi ulendo wotsatira. Paipi ya agogo anu inali itatsala pang'ono kukwana mwezi, yachikasu ija. Sitima sinabwere. Tinamva kuti yawonongeka, ili kokonzedwa kumwera. Maboti ang'onoang'ono sankayerekeza kuwoloka, nyanja inali yoyera ndi mafunde tsiku ndi tsiku. Sabata inatha, ina inatha, inanso.

Mkodzo unayamba kulankhula monga ananenera mayi anu. Unasanduka ngati madzi otsukira mpunga. M'paipi munkaoneka timchenga toyera, ndikafinya ndi zala ndinkamva kukhukhuta. Fungo linasintha, loti ngakhale nditsuke chotani linkakhalabe m'nyumba. Thumba limene linkadzaza pofika masana linayamba kufika theka, kenako pang'ono pansi, ndipo zofunda zinayamba kunyowa chifukwa mkodzo unkadzera m'mbali.

Odziwa kusintha paipi amene anatsala pachilumba anali awiri. Mmodzi mayi anu. Wina mtsikana wa ku Chipyela amene agogo anu anamuimira pa ubatizo ali khanda. Pachilumba pano ndani amene si mbale wako?

Mayi anu anabwera masana, anagwada panja pakhomo la chipinda, osalowa. Ankalankhula ndi ine, koma mokweza kuti mawu alowe.

"Amayi, auzeni bambo kuti paipi yatseka. Ikapanda kusinthidwa, mkodzo ubwerera ku impso. Zipangizo ndabwera nazo. Ndi ntchito yanga, ndimaigwira kwa abambo ambiri, sindiona munthu, ndimaona wodwala."

Agogo anu anayankha ali chogona, nkhope kukhoma.

"Mayi a Petro, auzeni apongozi kuti ndathokoza. Abambo ambiriwo sanawabalire mwamuna. Ndidikira a Mhone."

"Nanga mwana wanu wa ubatizo uja?" ndinatero ine.

"Amene ndinamunyamula m'manja pamaso pa Mulungu? Iwe, uli bwinobwino?"

Zaka zonse za ukwati wathu sananditchulepo kuti iwe, kupatula tsiku limenelo. Ine mkwiyo unandikwera. Ndinati, "Inu bambo a Petro, ulemu wanuwu tidzaukwirira nanu limodzi! Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha manyazi? Atate anga anafa chifukwa paipi kunalibe, inu mukufuna kufa paipi ili pakhomo?" Ndinalankhula zambiri, zina sindinganene pamaso pa ana.

Mayi anu anayesa nzeru ina. Anati atenga chitenje, aboola kabowo pakati, agogo anu afunde thupi lonse ndi kumaso komwe, iwo aona kamalo kochepa basi, ndipo sadzalankhula. Agogo anu anati, "Chitenje chimatseka maso anga, osati awo." Tinati tiwanyamule kupita kuchipatala. Anati kuchipatalako akawapeza anthu omwewo, ndipo amene awagwire kuti awakweze pamachila asadzapondenso pakhomo pawo.

M'mawa mwake thumba linali louma. Mimba inauma monga tsiku loyamba lija. Pamenepo ndi pamene mayi anu anandikokera kukhitchini, maso ofiira.

"Amayi, izi siziloledwa, ndipo ndikuopa. Koma yatsekayo ilibenso ntchito. Inu ndinu akazi awo, inu sangakukaneni. Ndikhala panja pazenera, ndizikuuzani."

Agogo anu anavomera zimenezo. Mayi anu anandisambitsa m'manja mpaka m'zigongono, anandiveka magolovesi, anayala zipangizo pa thireyi n'kundionetsa chilichonse. Kenako anatuluka, anakakhala pansi kunja, msana atatsamira khoma, pansi pa zenera ilo mukulionalo. Ine amene ndimadziwa kusenda chinangwa ndi kusoka zigamba, ndinaima pamenepo ndi sirinji m'manja.

"Lowetsani sirinji pakamwa pa kabaluni paja, amayi. Kokani pang'onopang'ono. Madzi akubwera?"

"Akubwera."

"Akasiya, kokani paipi mofatsa. Bambo apume mozama."

Inatuluka. Kunsonga kwake kunali kutamera zoyera zolimba ngati za m'ketulo yakale. Agogo anu anabuula koma sanalire. Mtima wanga unati, tapambana. Ndinatsuka monga anandiuzira, ndinapaka mafuta oterera aja, ndinatenga yatsopano osaikhudzitsa pena paliponse. Inalowa bwinobwino, inalowa, inalowa, kenako njo, yaima.

"Yaima, Agnesi."

"Ndi potupa paja. Dikirani pang'ono. Bambo ayese ngati akukodza. Kankhani pang'ono pokha."

Ndinakankha. Sinapite. Thukuta linayamba kulowa m'maso. Ndinayesanso. Agogo anu anagwira chitsulo cha bedi, mitsempha ya m'khosi njo. Kenako ndinaona magazi akubwera m'mbali mwa paipi.

"Magazi, Agnesi! Mayo ine, magazi!"

"Siyani, amayi! Musakankhenso, itulutseni!" Ndinamva akuimirira kunjako. Mawu awo anasintha, sanalankhulenso kudzera mwa ine. "Bambo, chonde. Ndagwira mwendo wanu. Dzanja langa likudziwa pokhotera pamenepo, ndi kanthawi kochepa. Chonde, bambo."

Agogo anu, mano ali chilumire, anati, "Tsekani zenera, mayi a Petro."

Sindinatseke. Ndinakhala pansi pamenepo ndi magolovesi amagazi n'kulira mokweza, anthu amve ngati akufuna kumva.

Anamvadi. Pofika tsiku lotsatira achemwali awo a agogo anu, a Edesi, anali atakhazikika pakhonde ndi mphasa yawo. Mukuwadziwa, amene amadutsa apa osapereka moni kwa mayi anu. Agogo anu thupi linali moto, akunjenjemera mpaka bedi kulira, bulangeti ziwiri osathandiza. Anayamba kulankhula zosamveka, Chindebele, kuitana anzawo a ku hotela, kufunsa ngati matebulo ayalidwa. Ine sankandizindikira.

Dzuwa litakwera ndinaona mayi anu akubwera m'njira ya m'miyala, atavala yunifomu yoyera, thireyi yokutidwa ndi nsalu m'manja. Sanagwade. Anafika pakhonde, a Edesi anatambasula mwendo kutchinga khomo.

"Ukupita kuti, mtengwa iwe? Mwini wake anakana ali ndi nzeru zake. Ukufuna umulaule mchimwene wanga chifukwa sakudziwa kanthu? Ukalowa mmenemo, chimene chichitike chili pamutu pako."

Mayi anu anayang'ana ine.

Ndinati, "Alamu, chotsani mwendowo ndisanaupondepo. Nyumba ino ndi yanga, mwamuna ndi wanga. Lowa, mwana wanga."

Ana inu, chimene ine ndinalimbana nacho mpaka kutulutsa magazi, mayi anu anachichita nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Anatsuka, anagwira mwanjira yake, anadikira, anapotoza dzanja pang'ono, paipi n'kudutsa. Chimene chinatuluka sindingachitche mkodzo. Mafinya, magazi, fungo loti a Edesi pakhonde anasuntha mphasa. Thumba linadzaza, ndinakhuthula, linayambanso. Anapopa madzi m'kabaluni, anamangirira paipi pantchafu, anawafunditsa bwinobwino, anawabaya jakisoni. Kenako anatuma munthu kukaitana amuna a machila.

Ndinawanong'oneza kuti, "Achira?"

Sanandinamize. Anati, "Matenda alowa m'magazi, amayi. Likanakhala dzana."

Likanakhala dzana. Paipi inali m'nyumba muno dzanalo, manja analipo, munthu wofuna analipo, atagwada panja pakhomo la chipinda. Palibe chimene chinasowa. Ndimakwiya nawo agogo anu mpaka lero, ndikapita kumanda kukalambula ndimawauza, ndipo ndimawasowa kwambiri moti nthawi zina ndimaphika tiyi wa anthu awiri.

Tikudikira machila, mayi anu anaima kumutu kwa bedi akuwagwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Mimba itaphwa, ululu unachepa, agogo anu anatsegula maso. Anayang'ana chovala choyera chija, anayang'ana dzanja limene linawagwira. Nkhope yawo inamasuka, koyamba pa masabata onse aja.

"A Mhone," anatero, mawu otsika. "Mwabwera? Sitima yafika?"

Mayi anu anauma.

"Mwachita bwino, adokotala. Dzanja lanu ndi lofewa lero. Amayi awa ankafuna kundivula pamaso pa apongozi anga." Anafinya dzanja la mayi anu. "Ndi mwana wabwino ameneyo, waulemu. Musakamuuze mmene munandipezera."

Misozi inkatsika pamasaya a mayi anu n'kugwera pa yunifomu, koma dzanja sanachotse. Anatsitsa mawu.

"Sindikamuuza, bambo."

Agogo anu anagwedeza mutu, anatseka maso mtima uli m'malo. Anamwalira tsiku lotsatira ku Chipyela, mayi anu ali pambali pawo, akuwatchabe a Mhone.